Nthawi Yanga Anaiika Mufiriji

A Dyson Namakhwa anabwera ku Birmingham ngati katundu wa mkazi wawo. Sindikunyoza ayi, ndi mmene viza yawo inkanenera: dipendanti, munthu wodalira mnzake. Mkazi wawoyo, Edna, anakwera ndege imodzi ndi ine m'zaka zija zipatala za kuno zinkatola anamwino ku Malawi ngati bowa wa m'dzinja. Patapita miyezi ingapo a Dyson anatsatira ndi ana awiri, Anita ndi Limbikani, atavala suti ya bulawuni ndi tayi, masatifiketi awo atawakulunga bwinobwino m'pepala la pulasitiki. Ine ndine Mildred, ndipo ndinaperekeza Edna kukawachingamira ku bwalo la ndege. Ndinawaona akuyang'ana wotchi ya pakhoma, kenako yawo ya pamkono, n'kugwedeza mutu mokondwa chifukwa ziwirizo zinagwirizana.

Anabadwira cha ku Tsangano, kwa alimi a mbatatesi. Bambo awo ndiwo ankaimba belu la tchalitchi, ndipo poti analibe wotchi ankaonera chithunzithunzi cha khoma, chikafika pamwala wina n'kuimba. Kukachita mitambo mapemphero ankayamba mongoganizira. A Dyson ankakonda kuinena nkhani imeneyi akuseka, koma ndikuganiza kuti ndi imene inawapanga kukhala mmene analili. Anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi wa fizikisi pa sekondale ina ku Ntcheu, ndipo mlongo wanga anadutsa m'manja mwawo. Belu likalira ankatseka chitseko, ndipo wochedwa, ngakhale akhale mwana wa hedimasitala, ankamvera phunziro pawindo. Kumeneko anali munthu, akamadutsa pamsika anthu ankavula zisoti.

Kuno masatifiketi aja anangokhala mapepala. Anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, potsiriza anapeza ntchito yonyamula makatoni m'weyahausi ina ku Oldbury, ndipo anakhala pamenepo zaka zonsezi. Kapitawo wawo ankawaitana ndi chala. Kunyumba, m'kanjira kena kopatuka pa Stratford Road ku Sparkhill, wolamula anali Edna, poti ndiye anali mwini viza, mwini nyumba, mwini chilichonse. Ana nawo atangomwa madzi a kuno anayamba kuyankha m'Chingerezi, ndipo bambo awo akafuna kuwathandiza homuweki ankangouzidwa kuti kuno sitiphunzira choncho. Mphunzitsi uja anatsala ndi pakamwa podzaza maphunziro, wopanda womumvera.

Kutchalitchi nako sikunawakomere. Mpingo wawo umasonkhana m'holo ina ku Oldbury, ndipo umalengeza kuti mapemphero ayamba teni koloko, koma aliyense amadziwa kuti teni koloko yathu imafika masana. A Dyson ankafika teni koloko yeniyeni, n'kuyala mipando yonse, n'kukhala okha kutsogolo akuyang'ana chitseko. Amayi anawapatsa dzina loti a Koloko, ndipo linamata. Ine ndinachoka mumpingowo kalekale nditatopa ndi aneneri obwera pa ndege, koma Edna anali mzati wake.

Za mawotchi zinayamba mwangozi. Tsiku lina m'mawa, pa msika uja azungu amagulitsira zakale m'mabuti a galimoto, a Dyson anapeza wotchi ya m'thumba yakufa, itaponyedwa m'bokosi limodzi ndi masipuni ndi mabatani. Anaitsegula kumbuyo ndi chikhadabo n'kuona timagudumu tija, ndipo anadzandiuza kuti kanali koyamba chifikire ku England kuona chinthu chimene akanatha kuchifotokoza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anapita nayo kwa mkulu wina wachizungu, a Hollins, amene ankakonza mawotchi akale m'kachipinda ka pamwamba ku Hockley, kudera kwa osula mphete ndi ndolo. A Hollins anali munthu wouma pakamwa, wosaseka ndi aliyense. Koma a Dyson atafunsa funso limodzi la mmene chitsulo chimafutukukira kukatentha, mkuluyo anadzutsa mutu n'kuwakokera mpando.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la ku Hockley, ndipo mawotchi anayamba kuchuluka m'nyumba. Onse anali a m'thumba, a tcheni, a anthu amene anamwalira kalekale, ena olembedwa maina a eni ake kumbuyo. Ambiri ankawapeza ali akufa, n'kuwadzutsa okha. Ankawasunga m'kabati ya pabalaza, iliyonse m'kansalu kake, ndipo Edna ankawatcha zidole za bambo a Anita. Sankawaletsa, ankati bola izi kusiyana ndi mowa kapena akazi.

Amuna anzawo ndiwo analibe chifundo. Ndikukumbuka phwando lina ku Solihull, amuna atazungulira nyama yootcha, aliyense akuonetsa pafoni nyumba imene akumanga ku Lilongwe. Wina anafunsa a Koloko kuti iwo amanga chiyani kumudzi. Iwo mosadziwa kuti ndi msampha anatulutsa wotchi m'thumba, n'kuyamba kufotokoza za mphamvu ya sipuling'i. Mwini nyumba anawadula pakamwa, amvekere anzanu akutola mapuloti, inu mukutola mitembo ya mawotchi, nthawi ili kale pafoni. Anthu anaseka mpaka kutsamwa. A Dyson anasekanso pang'ono, n'kubweza wotchi m'thumba, koma mawu oti mitembo aja amayi anawamva ndipo sanawataye.

Pakati pa mawotchi onsewo panali imodzi yasiliva, yolemera ngati dzira la bakha, yopangidwa ku Coventry konkuno agogo athu asanabadwe. A Hollins ataona nambala yake anati iyi inayesedwapo ku Kew. Ine ndinafunsa kuti ku Kew n'kuti, ndipo tiyi wanga anazizira yankho lisanathe. Kew, anatero a Dyson, inali nyumba yoonera nyenyezi ku London, kumene kale opanga mawotchi ankatumiza mawotchi awo abwino koposa kuti akalembe mayeso. Mayeso enieni, a mwezi ndi theka. Wotchi ankaiimika masiku angapo, kenako kuipendeka mbali iyi ndi mbali inayo, kuigoneka chagada, kuigoneka chafufumimba, kuiika pozizira, kuiika potentha, ndipo tsiku lililonse ankaona ngati yathamanga kapena yatsalira. Yabwino si imene silakwa, anatero, chifukwa yosalakwa kulibe. Yabwino ndi imene imalakwa chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, kaya yagona bwanji, kaya kwazizira bwanji. Akunena izi nkhope yawo inali ya mphunzitsi uja wa ku Ntcheu, ndipo ndinamva chisoni kuti kalasi yawo yonse inali ine ndekha.

A Hollins anali atakalamba. Maso anayamba kuchita nkhungu, manja kunjenjemera, ndipo ana awo analibe nazo ntchito za mawotchi. Tsiku lina anauza a Dyson kuti aikonze okha wotchi ya ku Coventry ija, aiyese kunyumba mmene ankayesera ku Kew, ndipo ikadzakhoza tebulo la ntchito lidzakhala lawo, zipangizo ndi makasitomala omwe. Anawapatsiratu kiyi wa kachipindako kuti azilowa okha. Kwa munthu wa zaka zopitirira makumi asanu, msana utayamba kale kudandaula ndi makatoni, ili linali khomo lomaliza, ndipo iwo ankadziwa. Anatha chaka chathunthu akulimbana ndi kasipuling'i kena kopyapyala ngati tsitsi, kamene ankati ndiko mtima wa wotchi. Kiyi uja ankayenda naye m'thumba la malaya, ngakhale kutchalitchi. Za tebulolo sanamuuze Edna. Ankafuna adzangofika tsiku lina madzulo n'kunena kuti mayi a Anita, makatoni aja ndawasiya.

Mayeso anayamba mu Seputembala. Pozizira pa m'nyumba ndi mufiriji, choncho itafika nthawi yake anaika wotchi m'kabokosi kotseka bwino, pakati pa majarini ndi ndiwo zotsala. Potentha panali m'kabati ya thanki ya madzi otentha, mmene Edna amasungamo matawulo. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito, wailesi ikamalira tii tii posonyeza ola, ankayerekeza ndi wotchiyo, n'kuipukusa, n'kuibwezera pamalo pake. Anayesapo kufotokozera Edna chimene akuchita, koma Edna anali atangoweruka shifiti yaitali, ndipo anagona chikhalire nkhani isanafike n'komwe ku London. Sanayesenso.

Ndinawachezera mayesowo ali pakati, ndipo sindinawaonepo ali choncho. Ankayenda ngati mnyamata. Anandionetsa epuloni yatsopano imene anabisa pansi pa masuti, n'kundifunsa ngati pachitseko adzalembe dzina lonse kapena la makolo lokha. Ine ndinawaseka, ndinati lembani a Koloko, makasitomala abwera okha. Anaseka kuchokera pansi pa mtima, ndipo kanali komaliza kuwamva akuseka choncho.

Tsono ndisamunenere Edna zoipa zokhazokha, poti naye anali ndi chilonda chake. Ndi namwino wa manja abwino, ine ndikuchitira umboni. Koma anakhala pa giredi imodzi zaka pafupifupi makumi awiri, akuphunzitsa atsikana ongochoka kusukulu amene posakhalitsa ankasanduka mabwana ake. Intavyu iliyonse ankamuuza kuti anangotsala pang'ono. Mawu amenewo amadya munthu kuposa kukanidwa kwenikweni. Anasala kudya, anagona m'mapemphero, anakwera mapiri a ku Wales ndi amayi anzake, ndipo pemphero lake linali limodzi lokha: Ambuye, nthawi yanga ifika liti?

Ndiye kunabwera mneneri Elijah, wa nsapato zosongoka, akuzungulira mipingo ya Amalawi ndi anzathu a ku Zambia. Chitsitsimutso chili mkati anangotseka maso, n'kunena kuti akuona mayi wina amene nthawi yake anthu anaiika mufiriji, n'chifukwa chake zake zonse zinaundana. Mawuwa amawanena paliponse. Ndinamva kuti ku Leeds anawanena, ku Luton anawanena, ndipo sangaphonye, poti kuno aliyense ali ndi firiji ndipo aliyense amaona kuti wachedwa. Amayi angapo anagwa pansi monga mwa nthawi zonse. Edna sanagwe, koma amene anakhala naye pafupi anamutsina pantchafu.

Ameneyo anali Bupe, mayi wa ku Zambia amene anali atangobwera kumene kudzasamalira okalamba, ndipo ankagona m'chipinda chimene Limbikani anasiya atapita ku yunivesite. Bupe ndi wamantha komanso wopemphera, zinthu ziwiri zimene zikakumana mwa munthu mmodzi pamafuka utsi. Potuluka anakokera Edna pambali.

"Ba Edna, mu fridge yanu muli nkoloko. Naiona na menso yanga, mu lunch box. Ba Dyson bamaichosa every morning, baiika kukhutu, bakamba manambala, babweza."

Edna anati akudziwa, ndi zidole zawo zija. Bupe anafunsa kuti nanga zidolezo zinali za ndani, ndipo nkhani inatembenukira pamenepo. Zinali za anthu akufa, zolembedwa maina a akufa. Bupe anaonjezera kuti sabata ina anaiona itagona chafufumimba, ndipo sabata inanso anaipeza m'matawulo, matawulo omwewo amene Edna amapukutira thupi lake. Kwathu chovala cha womwalira sungochitola n'kuvala ngakhale akhale mbale wako, chili ndi mwambo wake. Nanji chinthu cha mlendo wakufa chimene chikugundabe ngati mtima. Kunena zoona, nkhaniyi ukaimva mmene Bupe anaiyalira imamveka ngati kukhwima ndithu. Edna ndi munthu wophunzira, amabaya jakisoni, amawerenga makina a mtima. Koma analinso ndi zaka zonse zija za kutsala pang'ono, ndipo apa anapeza woti amuloze chala, munthu wofatsa, wapafupi, wosabwezera.

Sanawafunse. Ichi ndi chimene chimandiwawa mpaka lero, chifukwa funso limodzi likanakwana, ndipo a Dyson akanakondwa kuliyankha mpaka dzuwa kulowa. Edna anadikira a Dyson atapita kuntchito, n'kukokolola mawotchi onse, ya mufiriji yomwe, kupita nawo ku Solihull kumene mneneri ankagona kwa mkulu wina wa mpingo. Mayeso anali atatsala pang'ono kutha, ndipo wotchiyo inali ikukhoza. Mneneri anatsegula iliyonse ndi mpeni wa patebulo, n'kuthiramo madzi a mchere otulutsira mizimu, n'kutsiriza ndi mafuta odzozera. Kenako analamula kuti mawotchiwo akhale m'beseni masiku atatu, amayi akusala kudya.

A Dyson pobwera madzulo anatsegula kabati n'kupeza tinsalu tokhatokha. Anatsegula firiji, anapeza majarini ndi ndiwo. Bupe ankamvera ali pamasitepe, ndipo ndiye anadzafalitsa zimene anakambirana.

"Mayi a Anita, mawotchi aja ali kuti?"

"Ali m'manja mwa Mulungu."

"Chonde, imodzi yokha. Yasiliva ija. Enawo sungani."

"Yomweyo ndi imene munandimangira promoshoni yanga. Twenty years, bambo a Anita. Ine kumakudyetsani, inu kumandifiriza mufiriji."

A Dyson anakwera basi kupita ku Solihull, koma akulu a mpingo anawabweza pageti, amvekere munthu wa Mulungu ali m'pemphero. Anapitanso mawa lake, anabwezedwanso, ndipo wina anawawaza madzi kumsana akuchoka. Anaimbira Anita, amene amagwira ntchito ku London, koma mwanayo anawauza m'Chingerezi kuti asamulowetse m'nkhani zawo, ndi mawotchi chabe. Kusala kudya kutatha mawotchi anabwera m'jumbo, akuchucha. Mchere unali utagwira kale ntchito yake. Kasipuling'i kaja kanali katafiira ndi dzimbiri, ndipo atangokakhudza kanaduka.

A Dyson anandiimbira foni Loweruka m'mawa, kupempha kuti ndiwaperekeze ku Hockley pa galimoto yanga. M'njira ndi mmene anandifotokozera zonse, mawu ali pansipansi ngati akunena za munthu wina. Ine ndinafuna kutembenuza galimoto kuti ndikamuone Edna maso ndi maso, koma iwo anati tichedwa.

A Hollins anavala kagalasi kawo ka diso limodzi n'kutsegula wotchi ija. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaiyandikitsa pamphuno, n'kununkhiza, n'kunena kuti awa ndi mafuta ophikira. Anafunsa kuti wachita izi ndani. Ine ndinatsegula pakamwa, koma a Dyson anandiponda phazi. Anayankha kuti ndi iwo, anaona ngati yauma, ndiye anaitsuka n'kuithira mafuta.

Mkulu uja anawayang'ana ngati akuona munthu wachilendo. Zaka zonse zija za Loweruka, mafunso onse anzeru aja, zonse zinathera pa bodza limodzi lopusa, ndipo a Hollins analikhulupirira chifukwa zoona zake sakanazilota n'komwe. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotseka wotchiyo, n'kuikankhira kwa mwini wake, n'kutambasula dzanja. A Dyson anamvetsa. Anapisa m'thumba la malaya n'kuika kiyi uja m'dzanjamo.

Titalowa m'galimoto ndinawalalatira. Ndinawafunsa kuti munthu wanzeru ngati iwo angadzibaye bwanji yekha chifukwa cha mkazi amene wawapondereza chonchi. Ndinati tibwerere, ine ndikanene zoona, mkuluyo ndi munthu, amvetsa.

"Bongololo sadzolera mafuta pagulu, achemwali," anatero. "Ndikanati chiyani kwa mzungu uja? Kuti mkazi wanga, nurse, amene amasamala abale ake mu ward, wathira mchere m'wotchi kuti atulutse mzimu? Ndi mayi wa ana anga."

Ndinaliza galimoto mokwiya. Tinadutsa Stratford Road yonse, masitolo a zovala zaukwati akuwala mbali zonse, iwo atafumbata wotchi yawo pamiyendo. Nditawatsitsa ndinaimbira Edna, ndinamuuza za tebulo, za kiyi, za epuloni ili pansi pa masuti, ndi kuti mwamuna wake wasenza manyazi ake kuti dzina lake lisaipe. Ndinaganiza kuti zamulowa. Kenako anati ndiye Mulungu wawapulumutsa kawiri, poti akanathera moyo wawo wonse patebulo la akufa. Anaonjezera kuti ine sindinakwatiwe nawo, ndisamale za kwanga.

A Hollins anatseka kachipinda kaja Khirisimasi isanafike, zipangizo anagulitsa kwa wamalonda wina wakutali. A Dyson anapitiriza kunyamula makatoni. Mawotchi enawo anawataya okha, koma yasiliva ija anaipukuta bwinobwino n'kuiika m'dirowa, m'kansalu kake. M'mawa ankadzukabe nthawi yomwe ija n'kuima m'khitchini wailesi ikulira tii tii, manja ali m'matumba. Bupe anauza amayi kuti ndi mzimu uja ukufunafuna nyumba yake.

Ndiye taonani mmene dziko limasekera anthu. Mu Januwale Edna anakwezedwa pantchito. Anzake awiri mu wodi anali atasiya ntchito, panalibenso womudumpha, ndipo kunena chilungamo udindowo unali wake kalekale. Koma ndani akanamuuza zimenezo? Kwa iye ndi kwa mpingo wonse, nthawi yake inali itasungunuka. Mpingo unakonza Lamlungu la chithokozo, ndipo Edna anandiitana, akuti ndidzaone mphamvu imene ndinaithawa. Ndinapita chifukwa cha a Dyson. Ndinawapeza atayala kale mipando, atakhala okha kutsogolo, suti ya bulawuni ija itayamba kuwakulira.

Mapemphero anayamba masana. Edna anaima kutsogolo atavala zoyera, n'kufotokoza zonse, firiji, matawulo, maina a akufa, manambala a m'mawa, osasiya kanthu. Zimene mwamuna wake anatayira tebulo pozibisa kwa mzungu mmodzi, iye anaziyala pamaso pa holo yodzaza, mafoni ali m'mwamba kujambula kuti akumudzi nawo aone. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa wotchi yasiliva ija, imene anaitenga m'dirowa ya amuna ake, n'kuikweza m'mwamba ataigwira kumapeto kwa tcheni.

"Nthawi yanga ndi iyi, abale. Anaiika mufiriji, koma Mulungu waidifirosita."

Holo inagwedezeka ndi nthungululu. Abusa anati mdani si mwamunayu koma mzimu umene unkamugwiritsa ntchito, choncho a Dyson abwere kutsogolo adzakhululukidwe. Ndinawagwira mkono kuti asapite. Anachotsa dzanja langa mwaulemu, n'kupita, n'kugwada pamaso pa mkazi wawo, mphunzitsi wa mlongo wanga, mawondo akulira ngati nkhuni zouma. Abusa anawasanjika manja pamutu, amayi akufuula kuti mzimu utuluke. Edna ankavina pang'onopang'ono, wotchi ikulendewera uku ndi uku pamwamba pa simenti.

Abusa anawayandikitsira maikolofoni kuti alape anthu amve. A Dyson sankayang'ana abusa, sankayang'ana Edna. Maso awo ankatsatira wotchi yakufa ija, ndipo manja awo anali atatambasuka pansi pake, moti anthu anaona ngati akupempha chikhululukiro. Holo inati zii kudikira kulapa, ndipo mawu awo anamveka m'masipika onse.

"Mayi a Anita, igwireni bwino. Ingagwe."

Anthu anaseka, ena mpaka kupukuta misozi, abusa nawo anaseka. Ine ndinatenga chikwama changa n'kutuluka. Mawa lake, Lolemba, a Dyson anafika ku weyahausi nthawi yake.